Mmene timadutsira nyengo yozizira ndi mahatchi opulumutsidwa kuno ku Joni

Ndinafika kuno ndikudziwa abulu okha. Kwathu ku Dedza bambo anali ndi awiri okoka ngolo ya mbatata ya kachewere, ndipo ine ndinkaganiza kuti hatchi ndi bulu wamtali basi. Tsopano ndakhala zaka zambiri ndithu pa puloti ina kummwera kwa Johannesburg, cha ku Walkerville, pomwe madamu amene ndimawagwirira ntchito amalandira mahatchi otayidwa, ozunzidwa ndi ofa ndi njala. Panopa tili nawo 14. Anyamata akwathu amene angopeza ntchito m'makola a ku Kyalami ndi ku Midrand amandiimbira ikangofika Meyi, aliyense funso lake lomwelo: achimwene, bulangete tiyambe kufunditsa liti? Ndimawayankha kuti za bulangete tikamba kumapeto. Tiyambe ndi zimene zimapha hatchi.

Kuzizira kwa kuno si kwa chiperoni. Kulibe nkhungu yonyowa ija, kulibe mvula yowaza. Masana dzuwa limawala bwinobwino mpaka kuvula juzi, koma likangolowa chisanu chimagwa ngati wina watsegula fuliji. Mu Juni ndi Julaye timadzuka udzu uli mbuu, madzi a m'chomwera ataundana pamwamba. Mvula imasiya cha mu Epulo ndipo siibweranso mpaka Okutobala. Msipu wonse umauma, umasanduka ngati tsache, ndipo hatchi ikhoza kukhala mutu uli pansi tsiku lonse osapezamo kanthu. Ndiye nkhani yonse ya nyengo ino yagona pa udzu womwe munasunga ndi madzi omwe hatchi ikumwa.

Hatchi yofika ili mafupa okhaokha

Nthawi yozizira ndi yomwe timalandira mahatchi ambiri. Ena ndi a anthu amene ndalama zawathera, udzu wakwera mtengo, angoisiya nyama kuseri kwa nyumba. Ena ndi okoka ngolo za malasha m'makomboni, chifukwa kukazizira malasha amayenda malonda ndipo hatchi imagwira ntchito kuyambira mbandakucha. Ena ndi othamanga pa mipikisano amene atha ntchito, adutsa m'manja mwa anthu angapo mpaka kugwa kwa munthu wosadziwa kuti hatchi ya mtundu umenewu imadya ngati ng'anjo.

Musanakhudze chingwe, dziwani kuti hatchi ya mwini simungoitenga chifukwa yakumvetsani chisoni. Kumeneko ndi kuba. Mwini wake asaine kalata yoti waipereka, kapena ibwere kudzera kwa a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, amene lamulo la Animals Protection Act la 1962 limawalola kulowererapo nyama ikamazunzidwa. Kulinso a Highveld Horse Care Unit cha ku Meyerton, amene ntchito yawo ndi ya mahatchi ndi abulu. Hatchiyo ikangotsika m'galimoto, ijambuleni mbali zonse zinayi ndi foni, lembani tsiku. Nkhani ikadzafika kukhoti, kapena mwini akadzasintha maganizo itanenepa, zithunzizo ndiye mboni yanu.

Ndiyeno apa ndi pamene ndinaphunzira ndi misozi. Chaka changa choyamba inabwera yaikazi yofiirira, nthiti zonse zikuwerengeka, mafupa a m'chiuno ali njo ngati mungapachikepo chipewa. Madamu anali atachoka, anangonena kuti ndiipatse udzu pang'ono. Ine mtima unandigwira. Ndinati nyama yanjala chonchi kuipatsa pang'ono ndi nkhanza, ndinadzaza ndowa ndi chakudya cha m'thumba chosakaniza chimanga ndi molasesi, m'mawa ndi madzulo. Inadya mokondwa, ine n'kumadziona ngati mpulumutsi. Tsiku lachinayi inagona osadzukanso.

A vetenale sanandikalipire. Anangondikhazika pa belo n'kundifotokozera. Thupi la hatchi yomwe yakhala nthawi yaitali ndi njala limakhala likudzidya lokha. Mukaithira mwadzidzidzi chakudya cha shuga ndi sitachi wambiri, insulin (timadzi ta m'thupi toyendetsa shuga) imakwera, michere ya m'magazi monga phosphorus, potassium ndi magnesium imathamangira m'minofu, magazi n'kutsala opanda kanthu. Mtima ndi mapapo zimalephera. Imafa pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, pamene inu mukuganiza kuti yayamba kuchira.

Njira yomwe timatsata ndi iyi, ndipo sitiiphonya ngakhale hatchi ikulire bwanji. Masiku 3 oyamba, lucerne (msipu wolimidwa wa mtundu wa nyemba) wouma wa masamba abwino, theka la kilogalamu lokha, maola 4 aliwonse, usana ndi usiku. Inde, mudzuka 2 koloko usiku chisanu chikuluma makutu. Kuyambira tsiku la 4 mpaka la 10 timawonjezera pang'onopang'ono n'kumatalikitsa nthawi, mpaka ifike pa makilogalamu 2 katatu pa tsiku. Pakatha masiku 10 ndi pamene ikhoza kudya mmene ikufunira. Cha m'thumba, kaloti, maapulo, shuga wa m'manja, zonsezo ayi kufikira a vetenale atalola. Madzi akhalepo nthawi zonse. Theka la kilogalamu muyeze pa sikelo, musayeze ndi maso, chifukwa maso a munthu wachisoni amanama. Ife tili ndi kasikelo kopachika kaja ka mbedza, ndi thumba la saka.

Musathamangirenso kuimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba tsiku loyamba. Hatchi yofooka yodzaza njoka, zikafa zonse nthawi imodzi zikhoza kutseka matumbo. Tengani ndowe zatsopano m'pulasitiki, a vetenale akaziyeze, iwo ndiwo anene mankhwala ake ndi tsiku lake. Ndipo mlendoyo akhale payekha masabata 3, ndowa yake, burashi yake, chingwe chake, osanunkhizana mphuno ndi anzake pa mpanda. Strangles, matenda otupitsa kukhosi ndi kutulutsa mafinya m'mphuno, akalowa pakhola amayenda ndi ndowa ndi manja athu omwe. Ine hatchi yatsopano ndimaisamalira pomaliza, ndikamaliza ena onse, kenako ndimasamba m'manja ndi kusintha ovolosi.

Kubwerera m'thupi kumatenga miyezi 3 mpaka 5. Amene akufuna zithunzi zokongola za pa Facebook pakatha masabata awiri adikire.

Udzu ndiye mbaula

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti hatchi imadzitenthetsa ndi mimba. Udzu ukafika m'matumbo aakulu umasasa ngati mowa m'mbiya, ndipo kusasako kumatulutsa kutentha kwa maola ambiri. Chakudya cha m'thumba chimagayidwa msanga, sichitenthetsa chimodzimodzi. Choncho usiku wozizira kwambiri sindiwonjezera ndowa, ndimawonjezera udzu. Gawo lalikulu la tsiku ndimalipereka madzulo cha m'ma 5 koloko, ndipo ndisanagone ndimazungulira ndi tochi kuona ngati wina watsala pa dothi.

Hatchi imafuna udzu wolemera pafupifupi makilogalamu 2 pa makilogalamu 100 aliwonse a thupi lake, tsiku lililonse. Ya makilogalamu 500 ndiye kuti 10. Sikelo ya hatchi sitili nayo, timagwiritsa tepi ya telala. Yezani kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, m'masentimita, chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe. Kenako chulukitsani ndi kutalika kuchokera pa nsonga ya phewa mpaka pa nsonga ya thako, n'kugawa ndi 11,877. Yankho lake ndi makilogalamu, mongoyerekeza koma mokwanira. Ndimachita zimenezi masabata awiri aliwonse n'kulemba m'kope lomwe limakhala pa msomali m'chipinda cha zakudya.

Tepiyo ndi yofunika chifukwa ubweya wa nyengo yozizira umabisa zambiri. Hatchi imaoneka yonenepa, kumeneko kuli ubweya. Vulani magulovu, yendetsani chikhatho pa nthiti. Zizimveka mukasindikiza pang'ono, koma zisaoneke ndi maso. Pali muyeso wa Henneke woyambira 1 mpaka 9, pomwe 1 ndi mafupa okhaokha, 9 ndi mafuta okhaokha. Ife timafuna aliyense alowe mu Meyi ali pa 5 kapena 6. Yolowa ili pa 4, muvutika nayo mpaka mvula.

Tsopano werengerani nokha. Makilogalamu 10 pa tsiku, masiku 180 opanda msipu, ndi makilogalamu 1,800 pa hatchi imodzi. Kwa ife, chulukitsani ndi mahatchi 14. Madamu amagula udzu wa teff ndi eragrostis mu Malichi ndi Epulo alimi akangomweta, chifukwa pofika Ogasiti mtengo umakhala wina ndipo wotsalawo ndi wa fumbi. Chaka china tinachedwa, tinagula kwa munthu wina amene anatibweretsera mabelo okongola kunja, mkati muli nkhungu yoyera, otentha ngati mwaika dzanja mu nsima. Theka tinatentha. Kuyambira pamenepo lole isanatsitse ndimadula belo limodzi la pakati, ndimalowetsa mkono mpaka m'chigongono, ndimanunkhiza. Udzu wabwino umanunkhira ngati munda, woipa umanunkha ngati nyumba yotsekedwa. Ikani mabelo pa mapaleti, asakhudze simenti, ndipo nkhokweyo ikhale patali ndi makola.

Pogawa panja, milu ichuluke kuposa mahatchi, ndipo italikirane. Asanu, milu isanu ndi iwiri. Pagulu lililonse pamakhala mfumu yoluma anzake, ndipo wofooka amene mukufuna kuti adye ndi amene amatsala akuyang'ana. Tili ndi nkhalamba ina imene ndinaitcha Makala chifukwa inachokera ku ngolo za malasha. Imeneyo ikangoona khutu la mnzake lapinda, imasiya chakudya n'kukaima pakona. Ndimaidyetsa payokha basi, ndinasiya kulimbana nazo.

Makala yemweyo ndi amene anandiphunzitsa za mano. Ndinkapeza timipira ta udzu wotafunidwa pansi, tonyowa, ngati wina walavula fodya. Mano a hatchi amakula pafupifupi moyo wonse ndipo amapanga nsonga zocheka masaya, pamene a nkhalamba amatha n'kuguluka. Kamodzi pa chaka abwere wodziwa adzawapale, makamaka Epulo chisanu chisanayambe. Kwa amene mano anatha, timanyika timibulu ta udzu m'madzi ofunda mpaka tikhale phala, katatu kapena kanayi pa tsiku. Osapereka touma, timatsamwitsa.

Madzi

Mu Julaye a vetenale amabwera kwambiri chifukwa cha colic, kupweteka kwa m'mimba, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi madzi. M'dzinja hatchi imadya msipu wodzaza madzi. Tsopano ikudya udzu wouma, madzi a m'chomwera ndi ozizira mopweteka mano, ndiye imamwa pang'ono. Udzuwo umaumbika m'matumbo n'kutseka njira. Hatchi siisanza, chomwe chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo.

Yaikulu imafuna malita 25 kapena kuposa pa tsiku ngakhale kuzizire. Ntchito yanga yoyamba m'mawa, ndisanamwe tiyi, ndi kuswa ayezi m'zomwera zonse ndi kumuchotsa ndi sefa yakale ya kukhitchini. Mukangoswa n'kumusiya momwemo amagwirananso. Kenako ndimathira ketulo ya madzi otentha m'ndowa za okalamba ndi odwala kuti akhale ofunda pang'ono. Mudzaona kusiyana kwake, amamwa mpaka kupumira m'mwamba. Mchere supuni yaikulu imodzi m'chakudya umathandiza ludzu. Ndipo mapaipi a panja akulungeni ndi masaka, apo ayi mudzatunga ndi wilibala mpaka 10 koloko.

Powola m'khola muziwerenga ndowe. Anzanga amaseka ndikanena zimenezi, koma hatchi yabwino imachita milu 8 mpaka 12 pa tsiku, ndipo iliyonse ili ndi chizolowezi chake. Mukapeza milu iwiri yokha usiku wonse, timibulu tating'ono touma tokutidwa ndi zoterera, yambani kuda nkhawa isanayambe kudzigwetsa. Zizindikiro zina ndi kusiya chakudya, kupalasa pansi, kucheukira m'mimba, kugona ndi kudzuka. Chotsani chakudya chonse, imbani foni nthawi yomweyo, iyendetseni pang'onopang'ono ngati ikufuna kugubuduka. Musaimwetse mafuta ophikira ndi botolo monga ndinaonera ena akuchitira abulu kumudzi, amakalowa m'mapapo.

A vetenale pa foni adzakufunsani manambala, ndiye muwadziwe. Kutentha kwa thupi, themomita yolowetsa kumbuyo, ndi pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Mtima umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi, mumaumva ndi zala pansi pa chibwano. Kupuma ndi ka 8 mpaka 16. Nkhama zikhale zofiirira pang'ono ndi zonyowa, mukasindikiza ndi chala mtundu ubwerere masekondi awiri asanathe. Ife tinalemba manambalawa ndi penti pa chitseko, pamodzi ndi nambala ya foni.

Tsopano bulangete lija

Hatchi yathanzi, ya ubweya wake wonse, yokhuta udzu, yokhala ndi pobisalira mphepo, siifuna bulangete kuno. Ubweya wake umaimirira n'kusunga mpweya wofunda, ndipo mukaufunditsa kabulangete kopyapyala mumaugoneka, hatchiyo n'kuzizidwa kuposa poyamba. Koma pamalo ngati athu ambiri si athanzi. Owonda, okalamba, odwala, ometedwa, ndi othamanga aja a khungu lopyapyala, amenewo timawafunditsa.

Vuto la kuno ndi masana. Bulangete lomwe linali bwino 5 koloko m'mawa, pofika 10 koloko ndi ng'anjo. Hatchi imatuluka thukuta mkati, dzuwa likalowa thukutalo limazizira pathupi. Ndiye timafunditsa cha m'ma 4 kapena 5 madzulo, timavula dzuwa likangofunda, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe. Kuti mudziwe ngati yafunda, musagwire makutu. Lowetsani dzanja pansi pa bulangete kuseri kwa phewa. Pakhale pofunda ndi pouma. Hatchi yonyowa musaifunditse, iume kaye.

Pa yowonda, bulangete limadya khungu pamwamba pa mapewa ndi pa mafupa a m'chiuno. Ine ndimasokerera chidutswa cha nsalu yoterera mkati mwake, madamu amandibweretsera madiresi akale a satini ochokera ku kaunjika wa kuno. Malamba a pansi pa mimba asiye mpata wa chikhatho chimodzi, osapitirira, chifukwa yogubuduka imakoletsa mwendo. Povula muziyang'ananso nsabwe m'munsi mwa manyenje ndi pa tsinde la mchira. Zimakonda ubweya wautali ndi nyama yofooka, ndipo mudzaona ikudzikhula pa mtengo mpaka kusupuka.

Khola musalitseke ngati bokosi. Mnyamata wina wochokera ku Ntcheu anamata mazenera onse ndi makatoni pofuna kuchita bwino, m'mawa fungo la mkodzo linkatulutsa misozi ndipo mahatchi awiri anayamba kutsokomola. Tsekani mbali yomwe mphepo ikuchokera, pamwamba mpweya uziyenda. Zogonera zikhale zochindikala, makamaka kwa owonda, chifukwa pa simenti amatuluka zilonda m'mawondo ndi m'chiuno.

Ziboda m'nyengo ino zimauma n'kung'aluka chifukwa dothi limalimba ngati njerwa. Zitokoseni tsiku lililonse, ndipo wosema ziboda azibwera pakatha masabata 6 mpaka 8 ngakhale zikukula pang'onopang'ono.

Katemera ndi moto

Chisanu chili ndi ubwino umodzi: chimapha tintchentche ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, tomwe timafalitsa African horse sickness. Matenda amenewa amapha mahatchi ambiri amene awagwira, ndipo n'chifukwa chake katemera wake amabayidwa nyengo ino, pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, tizilomboto tisanabwerere. Ndi mabotolo awiri, lachiwiri patapita masabata osachepera 3. Amapangidwa ku Onderstepoort kumpoto kwa Pretoria, ndipo zaka zina amavuta kupezeka, choncho uzani a vetenale msanga. Hatchi yomwe yangobayidwa isagwire ntchito yolemetsa, ndipo yomwe idakali mafupa idikire mawu a dokotala. Katemera wa kafumbata (tetanus) naye musaiwale, chifukwa obwera kuno ambiri amafika ndi mabala a waya ndi a zingwe za ngolo ndipo palibe amene akudziwa ngati anabayidwapo.

Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi moto wolusa. Udzu wauma, wina wataya ndudu mumsewu waukulu, basi. Lamulo la dziko lino la 1998 lokhudza moto wa m'tchire limafuna mwini malo alambule njira yotchinga moto m'malire mwake, ndipo ife timalambula mu Meyi mogwirizana ndi oyandikana nawo. Pa chitseko cha hatchi iliyonse pamapachikidwa chingwe chake cha kumutu. Makola sitikhoma ndi loko. Tinasankhiratu bwalo limodzi lopanda udzu pomwe onse angakaime, ndipo mukawatulutsa mutseke zitseko kumbuyo kwawo, chifukwa hatchi yochita mantha imathamangira kubwerera m'khola mwake ngakhale muli utsi.

Za kukana

Foni ya madamu imalira kwambiri mu Julaye, ndipo nthawi zambiri yankho lawo ndi ayi. Poyamba ndinkawaona ngati ouma mtima. Koma ndinaonapo malo ena amene anayamba ndi mtima wabwino, analandira aliyense, mpaka iwo eni anakhala malo ofunika kupulumutsidwa, mahatchi akudya matabwa a mpanda. Ife timawerenga mabelo kaye. Ngati akukwana 14 mpaka mvula, wa 15 amalowa pokhapokha wina atapeza kwawo kwatsopano kapena wina walonjeza kumulipirira udzu, ndipo lonjezolo lalowa kale ku banki. Othandiza amapereka kwambiri akaona chithunzi cha nthiti, koma pa bilu ya wosema ziboda amakhala chete, ndiye madamu amapatula ndalama ya a vetenale yomwe siikhudzidwa.

Wotenga hatchi kwa ife amasaina kuti sadzaigulitsa kapena kuibereketsa, ndipo ikamukanika adzaibweza kuno. Timakaona kaye malowo, mpanda, madzi, mthunzi, ndi mnzake woti izikhala naye, poti hatchi payokha imasungulumwa. Amphongo onse amafulidwa asanachoke.

Ndipo pali ena amene sadzachoka, ndi ena amene sitingawadutsitse. Nkhalamba yomwe mafupa akuiwawa, yomwe ikagona usiku wozizira timaidzutsa anthu anayi ndi malamba, a vetenale ndi madamu amakambirana mu Epulo kapena Meyi, osadikira kuti idzagwe pa ayezi mu Julaye pakati pa usiku. Tsikulo ine ndi amene ndimagwira chingwe, chifukwa ndi ine amene imandidziwa fungo. Ndimaipatsa kaloti onse amene ndinkaimana.

Makala chaka chino tinamukambirananso. Tepi inasonyeza kuti watsika makilogalamu 12 kuchokera mu Malichi, koma akudzuka yekha ndipo phala lake akumaliza. A vetenale anati timuonenso pakatha masabata awiri. Ndawonjezera chakudya chachinayi cha 9 koloko usiku, ndamusamutsira khola la pakona lomwe dzuwa la m'mawa limayambira kufika, ndipo ketulo yake ndimaiika pamoto ndisanavale nsapato.